Chitungwiza

Chitungwiza ndi mzinda wa m'dziko la Zimbabwe umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Harare, likulu la dzikolo. Uli m'chigawo cha Harare, pamodzi ndi mzinda wa Harare weniweniwo ndi tauni ya Epworth. Pa kalembera wa mu 2022 munapezeka anthu pafupifupi 371,000, ndipo ndi mzinda wachitatu pa kuchuluka kwa anthu m'Zimbabwe, pambuyo pa Harare ndi Bulawayo. Eni ake amautchula mwachidule kuti Chi-Town.

Mzindawu unapangidwa mu 1978 pophatikiza makomboni atatu, a St Mary's, Zengeza ndi Seke. Boma la azungu la Rhodesia linamanga makomboniwa kuti anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury, amene pano ndi Harare, azigona kutali ndi mzinda wa azunguwo. Kuyambira pachiyambi, Chitungwiza anali malo ogona osati ogwirako ntchito, ndipo mpaka lero amadalira Harare pa ntchito, pa madzi akumwa ndi pa mayendedwe.

Dzina

Dzina lakuti Chitungwiza ndi la Chishona ndipo ndi lakale kuposa mzindawu. Linatengedwa ku mudzi umene kunkakhala Pasipamire, mlosi amene Ashona ankakhulupirira kuti mzimu wa Chaminuka umalankhula kudzera mwa iye. Anthu ankapita kwa iye kukapempha mvula ndi kukafunsa za nkhondo. Mlenje wa ku Britain, Frederick Selous, anatchula mudziwu ndi mlosiyu m'zolemba zake. Pasipamire anaphedwa mu 1883 ndi ankhondo a Lobengula, mfumu ya Andebele. Dzina la Seke ndi la ufumu wa m'deralo, ndipo malo ambiri amene mzindawu unamangidwapo anali m'dziko la mfumu Seke. St Mary's ndi dzina la mishoni ya mpingo wa Anglican imene inali pafupi ndi mtsinje wa Manyame.

Malo ndi nyengo

Chitungwiza ali pa chitunda chachikulu cha pakati pa Zimbabwe, pa msinkhu wa mamita oposa 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Malo ake ndi a masikweya kilomita pafupifupi 50. Kumpoto kuli mtsinje wa Manyame, umene pa nthawi ya atsamunda unkalembedwa kuti Hunyani, ndipo ndi umene umalekanitsa mzindawu ndi Harare. Cha kum'mwera kumadutsa mtsinje wa Nyatsime, umene umathira mu Manyame. Kuchokera apa Manyame amayenda cha kumadzulo n'kulowa m'nyanja yokumba ya Chivero, kenako amakhotera kumpoto mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Kum'mawa ndi kum'mwera mzindawu wachita malire ndi midzi ya Seke, imene ili m'chigawo cha Mashonaland East. Bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe lili pakati pa Harare ndi Chitungwiza.

Dera lonseli ndi lathyathyathya, lokhala ndi timapiri ta miyala yosanjikizana apa ndi apo. Dothi lake ndi lamchenga, ndipo pakati pa makomboni pali madambo amene amasunga madzi nthawi ya dzinja. Kale kunali nkhalango ya miombo, koma mitengo yambiri inatha chifukwa cha nkhuni ndi kumanga nyumba. M'madambomo anthu amalimamo chimanga, mbatata ndi ndiwo zamasamba, ndipo m'zaka zaposachedwa ena amangamo nyumba. Nyumba zoterezi ndi zimene zimalowa madzi mvula ikagwa yambiri.

Nyengo ndi yofanana ndi ya Harare. Mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi, ndipo pa chaka imakwana mamilimita pafupifupi 800. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumazizira, makamaka usiku ndi m'mamawa, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala kumatentha kwambiri mvula isanayambe.

Makomboni

Mzindawu udakali wogawika potsatira makomboni amene unayamba nawo. St Mary's ndi komboni yakale kuposa zonse ndipo ili kufupi ndi Manyame, moyandikana ndi dera latsopanoko la Manyame Park. Zengeza inagawidwa ndi manambala, kuyambira Zengeza 1 mpaka Zengeza 5. Seke ndi yaikulu kuposa zinzake ndipo zigawo zake zimadziwika ndi zilembo, kuyambira Unit A mpaka Unit P. Munthu wa ku Chitungwiza akafunsidwa kumene amakhala amangoyankha kuti ku Unit L kapena ku Zengeza 4. Malo odziwika a malonda ndi Makoni, Chikwanha, Huruyadzo ndi Town Centre. Ku Makoni kuli siteji yaikulu ya maminibasi opita ku Harare.

Nyumba zambiri ndi zazing'ono, zomangidwa mofanana pa mapuloti aang'ono oyandikana. Eni ake akhala akuwonjezera zipinda ndi kumanga tinyumba kuseri kuti azichititsa lendi, choncho si zachilendo kupeza mabanja angapo pa puloti imene inakonzedwera banja limodzi.

Mbiri

Atsamunda asanafike, m'derali munkakhala Ashona a mtundu wa Azezuru, amene ankalima mapira ndi mawere ndi kuweta ng'ombe. Mu Sepitembala 1890 gulu la azungu lotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes linaimika mbendera pa malo amene linawatcha Fort Salisbury. Minda yabwino yozungulira tauni yatsopanoyo inapatsidwa kwa azungu, ndipo anthu a mfumu Seke anawasiyira dera lamchenga la kutsidya kwa Manyame.

Lamulo logawa malo la mu 1930 linagawa dziko lonse pakati pa azungu ndi anthu akuda, ndipo matauni anagwera ku mbali ya azungu. Munthu wakuda ankaloledwa kukhala m'tauni ngati wantchito chabe. Lamulo lina la mu 1946 linakakamiza makhonsolo ndi olemba ntchito kupezera antchito awo malo ogona m'makomboni osankhidwa, ndipo linalimbitsa dongosolo la ziphaso. Umu ndi mmene makomboni a Salisbury monga Harari, amene pano ndi Mbare, komanso Highfield, Mabvuku ndi Mufakose anakulira. St Mary's inayamba m'nyengo yomweyi pa malo a mishoni, ndipo ena mwa oyamba kukhalamo anali ogwira ntchito ku bwalo la ndege latsopano limene linatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950.

Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wa Rhodesia mosagwirizana ndi Britain pa 11 Novembala 1965, tsankho la malo linakula, ndipo lamulo latsopano la malo la mu 1969 linalikhwimitsa. Akuluakulu a boma sanafune kuti makomboni a m'kati mwa Salisbury apitirize kukula. Anaganiza zoti anthu akuda owonjezereka azimangiridwa nyumba kunja, kutsidya kwa mtsinje, m'malire a dziko la Seke limene pa lamulo linali kale la anthu akuda. Motero m'zaka za m'ma 1970 Zengeza inamangidwa ndipo Seke inakula mofulumira. Mu 1978 makomboni atatuwo anaikidwa pansi pa khonsolo imodzi yokhala ndi dzina la Chitungwiza.

Zaka zimenezi zinalinso za nkhondo yomenyera ufulu. Anthu ambiri anathawa m'midzi n'kubwera kufupi ndi likulu, ndipo amene anasowa nyumba anamanga zisakasa za mapulasitiki ndi malata. Msasa waukulu wa anthu oterewa ku Chitungwiza unkatchedwa Chirambahuyo. Dziko litalandira ufulu pa 18 Epulo 1980, boma latsopano linauthetsa ndipo ena mwa okhalamo anapatsidwa malo m'zigawo zatsopano za Seke. Malamulo a ziphaso atachotsedwa, amuna amene ankakhala okha m'tauni anaitanitsa akazi ndi ana awo, ndipo anthu ena ambiri anabwera kudzafuna ntchito. Mu 1981 Chitungwiza anakwezedwa pa ulamuliro wa matauni n'kuyamba kudziyendetsa mokwanira, ndipo mu 1982 Salisbury anasinthidwa dzina kukhala Harare.

M'zaka khumi zoyamba za ufulu munamangidwa sukulu zambiri, chipatala chachikulu ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi ya Seke. Boma linayesanso kukopa makampani kuti atsegule mafakitale m'dera limene linapatulidwira zimenezi. Fakitale yoomba nsalu ya Cone Textiles ndi imene inalemba anthu ochuluka. Koma dongosolo losintha kayendetsedwe ka chuma la ESAP litayamba mu 1991, nsalu zakunja zinalowa zambiri, mitengo ya thonje ndi ngongole inakwera, ndipo fakitaleyo inatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1990. Anthu zikwi zingapo anachotsedwa ntchito. Mu Januwale 1998 ku Chitungwiza ndi ku Harare kunabuka zipolowe zodandaula kukwera mtengo kwa ufa ndi zakudya zina, ndipo boma linatumiza asilikali m'makomboni.

Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi malo a malonda amene linati ndi osaloledwa, yotchedwa Murambatsvina. Lipoti la bungwe la United Nations, lolembedwa ndi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ku Chitungwiza kunagwetsedwa tinyumba ta kuseri ndi misika, ndipo mabanja ambiri anapanikizana m'nyumba zimene zinatsala.

Chiwerengero cha anthu

Makalembera a boma amasonyeza kuti mzindawu unakula mothamanga poyamba, kenako kukulako kunachepa:

1982: anthu pafupifupi 172,000
1992: anthu pafupifupi 275,000
2002: anthu oposa 320,000
2012: anthu pafupifupi 357,000
2022: anthu pafupifupi 371,000

Pakati pa 1982 ndi 1992 chiwerengerochi chinakwera ndi anthu oposa 100,000, pamene pakati pa 2012 ndi 2022 anangowonjezekera ndi pafupifupi 14,000. Chifukwa chimodzi n'chakuti malo omanga m'malire a khonsolo anatha. Ofuna mapuloti anayamba kumanga kutsidya kwa Nyatsime ndi m'midzi ya Seke, kumene ena amagula malo kwa anyakwawa ngakhale lamulo sililola kugulitsa malo a m'midzi. Anthu amenewa amagula zinthu, kuphunzira ndi kukwera minibasi ku Chitungwiza, koma pa kalembera amawerengedwa ku Mashonaland East. Chifukwa china ndi kusamuka kwa achinyamata ambiri kupita ku South Africa, Botswana ndi Britain chuma cha Zimbabwe chitalowa pansi kuyambira cha m'ma 2000. Ngakhale zili choncho, pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu oposa 7,000, ndipo Chitungwiza ndi amodzi mwa malo othithikana kwambiri m'dzikolo.

Anthu ambiri amalankhula Chishona, ndipo Chingelezi chimagwiritsidwa ntchito m'sukulu ndi m'maofesi. Ambiri ndi Akhristu a mipingo ya Katolika, Anglican, Methodist, Salvation Army ndi ya Pentekoste. Mipingo ya atumwi, yovala zoyera ndi yopempherera panja, monga ya Johane Masowe, ili ndi otsatira ochuluka, ndipo kumapeto kwa sabata amaoneka atasonkhana m'mabwalo ndi pansi pa mitengo. Kulinso Asilamu.

Ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique

Monga m'makomboni ena akale a Harare, ku Chitungwiza kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amuna ambiri ochokera kumpoto kwa Zambezi ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu. Ena ankayenda pansi, ena pa malole aulere a boma amene anadziwika ndi dzina lakuti Ulere, ndipo ena ankalembedwa ndi bungwe limene Amalawi ankalitcha Mthandizi. Ulendowu unapitirira pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Amene sanabwerere kwawo ankatchedwa machona. Popeza analibe mudzi m'Zimbabwe woti akapumeko akakalamba, tauni ndi imene inakhala kwawo.

Ana ndi zidzukulu zawo amalankhula Chishona tsiku ndi tsiku, koma m'mabanja ena Chichewa ndi Chiyao zikumvekabe. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, amavinidwa pa maliro ndi pa zikondwerero, ndipo Asilamu ambiri a m'makomboniwa ndi a mbumba ya Ayao. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri mwa anthuwa anayesedwa alendo ngakhale anabadwira m'Zimbabwe, ndipo analandidwa ufulu wovota. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linachokera ku dziko la m'bungwe la SADC, ndipo anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Chuma ndi mayendedwe

Ntchito zolembedwa ndi zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. M'dera la mafakitale muli makampani ochepa, monga fakitale ya mkaka ya Dairibord ndi yofulula mowa wa Chibuku ya kampani ya Delta. Ambiri amapeza ndalama kudzera m'mageni: kugulitsa ndiwo, kaunjika ndi zakudya zophikaphika, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kuumba njerwa, kukumba mchenga ndi kuoda katundu ku South Africa, Zambia ndi Mozambique. Ndalama zotumizidwa ndi achibale okhala kunja zimathandiza mabanja ambiri.

Anthu zikwizikwi amapita ku Harare m'mawa uliwonse n'kubwerera madzulo. Msewu waukulu ndi Seke Road, umene umaoloka Manyame n'kukalowa pakati pa likulu. Wina ndi Chitungwiza Road, umene umakakumana ndi msewu wa ku Masvingo pa malo otchedwa Mbudzi, kufupi ndi mafakitale a kum'mwera kwa Harare. Kale anthu ankadalira mabasi akuluakulu a kampani ya ZUPCO, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 maminibasi a anthu wamba, amene kumeneko amatchedwa makombi, ndi amene amanyamula ambiri. Palinso magalimoto ang'onoang'ono onyamula anthu popanda chilolezo otchedwa mushikashika. Ganizo lomanga njanji pakati pa Harare ndi Chitungwiza lakhala likukambidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, koma njanjiyo sinamangidwe. Ndalama zoyendera zimadya gawo lalikulu la malipiro a wantchito, ndipo nthawi yothera pa mzere ndi pa msewu ndi yaitali.

Madzi ndi ukhondo

Vuto lalikulu la Chitungwiza ndi madzi. Mzindawu ulibe damu lake kapena malo ake oyeretsera madzi, ndipo umagula madzi ku khonsolo ya Harare. Ambiri mwa madziwo amachokera ku malo oyeretsera a Prince Edward, amene amatunga m'madamu awiri aang'ono a pa Manyame, la Seke ndi la Harava. M'zaka za chilala madamuwa amaphwa ndipo malowo amatsekedwa, monga zinachitikira mu 2019 ndi mu 2024. Ngakhale m'zaka za mvula yabwino, madzi amene Harare amatumiza sakwanira, ndipo m'madera ambiri mipopi imatuluka madzi masiku ochepa chabe kapena kukhala youma kwa milungu. Anthu amadalira mijigo, zitsime zokumba pakhomo ndi ogulitsa madzi, ndipo amayi ndi ana ndi amene amataya nthawi yambiri pa mizere ya pa mjigo. Damu la Muda, limene lakhala likulonjezedwa kuti lidzathetsa kudalira Harare, lakhala pa mapulani kwa zaka zambiri.

Mapaipi ochotsa zonyansa za m'zimbudzi anaikidwa poganizira anthu ochepa kuposa amene alipo tsopano. Amatsekeka ndi mchenga, amaphulika kawirikawiri, ndipo zonyansazo zimayenderera m'misewu. Malo oyeretsera zonyansa a ku Zengeza anakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, koma anawonongeka m'zaka za mavuto a chuma. Zonyansa zosayeretsedwa zimalowa mu Nyatsime, kenako mu Manyame, mpaka m'nyanja ya Chivero, imene Harare amatungamo madzi ake akumwa ambiri. Mwa njira imeneyi mavuto a mizinda iwiriyi ndi olumikizana.

Mu Ogasiti 2008 mliri wa kolera unabuka ku Chitungwiza, pa nthawi imene ndalama ya dzikolo inali itatheratu mphamvu ndipo zipatala zinalibe mankhwala ndi antchito okwanira. Mliriwo unafalikira m'zigawo zonse za Zimbabwe. Pofika pakati pa 2009 anthu oposa 98,000 anali atadwala ndipo oposa 4,000 anali atamwalira. Kolera ndi tayifodi zakhala zikubwereranso m'zaka zotsatira.

Ulamuliro, maphunziro ndi zaumoyo

Mzindawu umayendetsedwa ndi khonsolo ya makhansala 25 osankhidwa m'mawodi, motsogozedwa ndi meya. Ku Nyumba ya Malamulo umaimiridwa ndi aphungu a madera asanu: Chitungwiza North, Chitungwiza South, St Mary's, Zengeza East ndi Zengeza West. Kuyambira pa chisankho cha mu 2000 anthu a kuno akhala akuvotera kwambiri zipani zotsutsa, poyamba MDC ndipo mu 2023 CCC, ngakhale ZANU-PF inapambanako mipando ina nthawi zina. Job Sikhala, mmodzi mwa andale odziwika otsutsa boma, anakhalapo phungu wa St Mary's ndipo kenako wa Zengeza West. Kusamvana pakati pa khonsolo ndi unduna woona za maboma aang'ono, ngongole za khonsolo ndi mikangano ya kagawidwe ka mapuloti ndi nkhani zimene zimabwerezabwereza.

Chipatala chachikulu ndi Chitungwiza Central Hospital, chimene chimalandiranso odwala ochokera m'midzi ya Seke ndi madera ozungulira, ndipo chimaphunzitsa anamwino. Khonsolo ili ndi zipatala zazing'ono m'makomboni. Sukulu za boma za pulayimale ndi sekondale zimadzaza kwambiri, moti zina zimagawa ophunzira, ena kulowa m'mawa ena masana. Kuwonjezera pa koleji ya aphunzitsi ya Seke, kuli malo ophunzitsa achinyamata ntchito zamanja a bungwe la Young Africa.

Chikhalidwe ndi masewera

Chitungwiza amadziwika m'Zimbabwe monse ngati kwawo kwa nyimbo za sungura, zoimbidwa ndi magitala othamanga. Oimba monga John Chibadura ndi System Tazvida, amene onse anamwalira mu 1999, ankakhala mu mzindawu. Nicholas Zakaria, amene ankatsogolera gulu la Khiama Boys, ndi Alick Macheso, amene anachoka m'gululo n'kuyambitsa Orchestra Mberikwazvo, ndi a m'mabanja ochokera kumpoto kwa Zambezi, ndipo onse anajambula nyimbo zina m'Chichewa. Woimba nyimbo zauzimu Mechanic Manyeruke ndi kwaya ya Chitungwiza Harmony Singers ndi ena mwa odziwika.

Luso lina ndi losema miyala. Malo a Chitungwiza Arts Centre, amene anatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amasonkhanitsa osema ambiri amene amagwira ntchito panja n'kumagulitsa ziboliboli zawo kwa ogula a m'dzikolo ndi akunja. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene anayamba kusema ku Tengenenge n'kutchuka ndi ziboliboli za nkhope zomwetulira, anakhala ku Chitungwiza mpaka pamene anamwalira mu 2011. Sylvester Mubayi, wosema wina wa m'badwo woyamba, ankakhalanso kuno.

Pa mpikisano wa All-Africa Games wa mu 1995, umene unachitikira m'Zimbabwe, masewera osambira anachitikira ku Chitungwiza Aquatic Complex, imene inamangidwira mpikisanowo. Maiwe ake anasiya kugwira ntchito patapita zaka, ndipo holo yake imagwiritsidwa ntchito pa zoimbaimba, misonkhano ndi mapemphero. Pa mpira wamiyendo, timu ya Darryn T, yophunzitsidwa ndi Wieslaw Grabowski wa ku Poland, inatulutsa osewera monga Alois Bunjira ndi Norman Mapeza, amene anakasewera ku Galatasaray m'dziko la Turkey ndipo kenako anaphunzitsa timu ya dziko la Zimbabwe. Bwalo lalikulu la mpira mu mzindawu ndi Chibuku Stadium.